Mawu a M'munsi mwa Tsamba

Ku Geneva, chipinda cha nambala 12 chilibe zenera.
Dzuwa timalionera pa wotchi ya wapampando,
bambo Oberholzer, amene amaivula n'kuigoneka patebulo
ngati kuti nayonso ili ndi voti.

Lero n'lachitatu tili pa ndime imodzi.
Nthumwi ina ikuti tilembe kuti komiti "yalandira" lipoti.
Inzake ikuti ayi, "yangoliona."
Pakati pa kulandira ndi kuona
padutsa khofi, padutsa nkhomaliro,
ndi mvula imene tangoiona pa majekete a ochedwa.

Lipotilo ndinalemba ndine.
Anandituma ku mapiri a ku Bolivia kukawerenga zitsime.
Pulani inati makumi anayi m'zaka ziwiri,
ndipo makumi anayi ndinazipezadi,
chilichonse ndi chikwangwani chake, utoto usanasuluke.
Koma khumi ndi chimodzi ukapopa
zinkangotsokomola mpweya.
M'kamwa mwa mpopi wina kambalame kanali kataikira mazira.

Pa fomu panali bokosi la "zokumbidwa."
La "zotulutsa madzi" panalibe.

Mayi Fortunata Choque anandiperekeza mpaka pa galimoto,
chigubu chopanda kanthu chikuwamenya mwendo.
Anafunsa kudzera mwa womasulira:
"Inu ndinu owerenga kapena okonza?"
Ndinati owerenga.
"Okonzawo amabwera m'mbuyo mwanu?"
Mpweya wa kumtundako ndi wopyapyala, mutu unkandizungulira.
Ndinaugwedeza,
ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anamva inde kapena ayi.

Abwana anga, mayi Lindqvist, analiwerenga chiimire.
"N'zoona zimenezi, Mireille,
koma si zimene tinalonjeza kuyeza."
Zitsime khumi ndi chimodzi zinayamba kutsika masitepe:
kuchoka pa tsamba loyamba kupita pakati,
kuchoka pakati kukagwera m'munsi mwa tsamba 31,
m'tizilembo tonga nthangala za mpiru
timene wopanda mandala sangatole.

Ikakwana sikisi omasulira amazimitsa timagetsi tawo tofiira.
Zinenero zisanu zimavala makhoti kukakwera thiramu,
timatsala ndi chimodzi, chotopa, chosasa mawu.
Ndi pamene mnyamata wa kumapeto kwa tebulo,
Dorji Wangdi, amene sabata yonse sanatsokomoleko n'komwe,
anaimika chikwangwani cha dziko lake.
"Pepani. Tsamba 31, pansi penipeni.
Zitsime izi, pano muli madzi?"

Mapepala anachita phokoso ngati nkhuku m'masamba ouma.
Ena anafunafuna mandala m'matumba.
Wapampando anayang'ana mayi Lindqvist,
mayi Lindqvist anayang'ana ine.
Ndinadina batani, pakamwa pali gwa.
"Sindikudziwa. Ndalama za ulendo wachiwiri panalibe."

Sipanagwe mtambo.
Wina anakumbutsa kuti zimenezo n'za komiti ya bajeti.
Wina anati asanayankhe aimbire kaye kwawo.
Kenaka anagwirizana pa mzere umodzi:
"Komiti ikupempha ofesi kuti idzafotokoze
pa msonkhano wotsatira."
Msonkhano wotsatira uli miyezi khumi ndi inayi kutsogoloku.
Kanyundo kanagunda.
Pa nkhani ija ya masiku atatu
analemba kuti komiti "yaliona mwachidwi."

Onse atatuluka, Conceição analowa ndi ngolo yake
kutolera mabotolo omwa theka.
Ankawakhuthulira m'ndowa limodzilimodzi,
ine n'kumawerenga, poti dzanja lazolowera.
Makumi awiri ndi atatu.
"Simupita kwanu?" anandifunsa.
Ndinati ndikupita.

Pa ngodya ya msewu wathu pali kasupe wa mwala
amene amathira madzi usiku wonse, womwa alipo kaya palibe.
Ndinaima, chikwama chili paphewa,
mzere uja uli m'kati, inki isanaume bwino.
Ndinalibe ludzu.
Ndinatchera manja, anazizira mpaka m'zigongono,
ndipo ndinayesa kuchotsera
kuti kwa mayi Choque tsopano ili nthawi yanji.