Msoko wa Masiku Asanu ndi Anayi

Folo koloko m'mawa. Chilenje idakali m'tulo,
magetsi anapita dzulo sanabwerebe.
Ndakhala m'mphepete mwa bedi ndi tochi ya foni,
kuyendera ntchito ya munthu wina pamimba panga.

Zaka makumi atatu ndikupalasa makina ku Kamwala,
msoko ndimaudziwa ndi chala.
Uwu anausoka bwino, ndisaname,
kamnyamata ka manja ozizira ka ku UTH,
koma nsalu yake ndi yakale.
Ikukoka chakumanzere,
ndipo pena pafiira, pakutentha ngati nsimbi yoiwalika.

Sutikesi ili pakhomo chiyambire Lachitatu.
M'katimo mwagona diresi la Tikambenji,
mikanda mazana asanu ndi limodzi, umodziumodzi,
ina ndinaisokerera ndili chagada m'wodi,
anamwino akukalipa kuti singano pano ndi zawo.
Ukwati ndi Loweruka, ku Dar es Salaam.
Matikiti awiri anadya makina anga a ovaloko.
Ndalama sitibweza, anatero mtsikana wa ku Cairo Road,
akumwetulira ngati wandipatsa basela.

Dokotala sanandiletse, sanandilolenso.
Anati kumwambako mpweya wa m'mimba umafufuma,
umakankha paliponse pofewa.
Thupi likatentha, bambo, musakwere.
Koma uno ndi Okutobala,
Lusaka yense akuwira, agalu omwe aleka kuuwa.
Thukutali ndi la mwezi kapena la bala?

Kagalasi koyezera ndabwereka kwa aneba
kakuti sate eyiti ndi kanthu pamwamba.
Ndakakutumula, ndayezanso. Katatu.
Ine amene ndimaseka makasitomala okangana ndi tepi,
aja amati yezaninso atelala,
chiuno changa si chimenecho.

Ndayesa kutsokomola: msoko wayankha.
Ndayesa kunyamula sutikesi,
yakwera chala chimodzi, maso anga achita mdima.

Nasilele wayang'ana kukhoma ngati wagona.
Zaka zonsezi sanaphunzire kunamizira mkonono.
Akuti, osatembenuka,
mwana akufuna bambo wa zaka zambiri,
wa Loweruka limodzi angathe kubwereka.
Ndikuti, nanga diresi likakathina pachifuwa?
Chete.
Akudziwa kuti sindikunena za diresi.

Faifi koloko Sakala waliza hutala.
Ndavala jekete, ndakwera, sindinagamule kanthu.
Mwina msewu undiuza.
Ndipo wandiuzadi, hampu iliyonse ya Great East Road,
pa Manda Hill pang'ono, pa Munali mokweza,
pofika Chelstone ndaluma kolala ya jekete,
Sakala wazimitsa wailesi osauzidwa.

Pabwalo la ndege anthu akukoka katundu wawo mopepuka,
matupi awo osawakumbuka n'komwe.
Pali benchi pafupi ndi khomo. Ndakhala.
Pasipoti yatsopano ikununkhirabe inki,
tsamba lililonse loyera ngati nsalu yosadula.
Ndinkafuna chidindo chimodzi chokha.
Ndinkafuna kuona mitambo kunsi kwake kwa msoko,
kumene Mulungu anabisa mfundo.

Ndatulutsa tepi m'thumba, mapini, kalumo,
ulusi woyera wokulunga pakapepala,
ndaika m'dzanja la Nasilele.
Imva, m'mbali monse ndinasiya mainchi awiri.
Ndimasiya nthawi zonse, munthu amasintha.
Likathina, umasule kuyambira kukhwapa,
pang'onopang'ono, osakoka.
Umuuze kuti...
Wagwedeza mutu. Akamuuza bwino kuposa ine.

Tikiti yanga ndaipinda kanayi.
Ikhala chizindikiro m'buku la miyezo,
patsamba lolembedwa Tikambenji,
pamene pali manambala ake onse kuyambira yunifolomu ya giredi wani.

Kunyumba, mdala? akufunsa Sakala.
Ayi, ku UTH. Ukadutse mahampu ngati wanyamula mazira.

Tili pa Avondale yatidutsa pamwamba,
kaya ndi yomweyo kaya ndi ina,
kasingano kowala kakuboola nsalu yabuluu,
kakukoka ulusi woyera kulowera kum'mawa.
Ndagwira pamimba ndi dzanja limodzi.
Linalo lakwera lokha pawindo,
likuwongola nsalu kuti isakwinyike.