Buku la Msungichuma

Chitando cha pachipatala ku Domwe chilibe denga.
Amayi oyembekezera amagona akuwerenga nyenyezi,
mvula ikagunda amapinda mphasa
n'kuthawira pakhonde la anamwino.
Tinakafunsa ku Ulongwe: malata makumi atatu ndi anayi,
misomali yake padera.

Mbale ya chopereka inazungulira miyezi isanu
n'kubwerako ndi malata atatu ndi batani la malaya.
Ndiye Zefelino Kampango, uja amakonza njinga zamoto,
anati: Anthu kuno kupereka safuna, amafuna kudyedwa.
Ikani thebulo Loweruka.
Wopambana atenge tambala wamoyo,
ndalama zonse zigwere m'chitini.

Zinayenda masabata atatu.
Aphunzitsi, ogula mbatata, ngakhale akatekisiti
anabisa makadi pachifuwa, nkhope zili gwa ngati mphero,
kunama osatsegula pakamwa.
Mayi Lukeresiya anapita ndi atambala awiri.
Ine ndinkalemba.

Sabata yachinayi kunabwera anthu awiri a nsapato zakuda.
Chiphaso chili kuti?
Tinati si njuga iyi, bwana, ndi denga.
Wamkuluyo anayang'ana kumwamba, anayang'ana thebulo,
nati: Ine ndikuona makadi ndi ndalama.
Kumene ndalama ikupita sindinatumidwe,
ndatumidwa pamene yakhala.
Ananyamula chitini. Tambala anamusiya,
pafomu panalibe pomulemba.

Ndinakwera chapa mbandakucha kupita ku Tete,
kumeza fumbi la malasha pa Mowatize,
kuwoloka Zambezi malaya atamatirira kumsana.
Khomo loyamba linandituma kwa lachitatu.
Lachitatu linati: Ife timadziwa nyumba zikuluzikulu za njuga,
zamagalasi, zoyaka usiku wonse.
Thebulo la matabwa anayi
sitikudziwa kabati yake.
Mubwere Lachiwiri, wosunga chidindo ali kumaliro.

Pobwerera ndinakhala ndi mnyamata wa ku Tsangano,
dothi la kumunda likadali m'zikhadabo.
Chala chake chinkatola makadi pagalasi la foni,
akusewera ndi anthu amene sadzawapatsa moni,
thebulo lili kutsidya kwa nyanja,
kapena kulibe n'komwe.
Tisanafike pamphambano ya Musakama
matumba asanu ndi limodzi a mbatata anali atapita,
opanda wowasenza, opanda fumbi.
Sanalire. Anangofunsa ngati ndili ndi chaja.
Panjira anatiimitsa kawiri, natsegula zikwama zathu,
nanunkhiza ngakhale chigubu cha mayi wina.
Foni palibe anaifunsa chiphaso.

Mwina lamulo lake lilipo, lolembedwa bwino ndithu,
koma nsapato zake n'zazikulu,
sizilowa m'thumba la buluku.

Anandionetsa podina.
Ndisamunamizire mwana wa eni ake:
ndinafunsa ndine.

Usiku womwewo mvula inayamba.
M'foni mwanga munali mametikali zikwi ziwiri za komiti,
zotsala paulendo.
Ndinawerengera chamumtima:
ndikawina kawiri, malata khumi.
Kanayi, denga lonse, mwinanso chitseko,
mwinanso dzina langa kutchulidwa paguwa.
Felisita atatembenuka ndinabisa kuwalako m'bulangeti
ngati mwana wobisa chiphaniphani.
Munalibe Zefelino woti andigwire dzanja,
munalibe nkhope ya munthu yoti ndiiwerenge,
munalibe ngakhale wondiseka.
Pathebulo la Loweruka ukadyedwa
unkadziwa kuti wagulira mayi wina mthunzi.
Umu ndinagulira ndani?

Tsopano buku lili pamaondo panga.
Msonkhano ndi mawa ikatha Misa.
Chitini chili kupolisi, akuti tidzachiona mlandu ukatha,
chimenecho ndalemba bwinobwino, ndi tsiku lake.
Pamzere womaliza ndalemba: Zoyendera, zikwi ziwiri.
Ndafufuta.
Ndalembanso.
Pepala layamba kubooka pamenepo,
kabowo kolowa kuwala kwa nyali,
kofanana ndi denga la ku Domwe.

Tambala wachinayi uja, poti palibe anamuwina,
ndikumusunga ine kuseri kwa khitchini.
Ndamuthirira chimanga madzulo, wadya,
koma wayamba kulira kusanache.