Muzu Wotchedwa Bwerera

Chisanu chagwa kawiri kuno ku Minxian,
masamba afiira n'kugona pansi.
Nthawi yake ndi ino. Mlamu wanga Yanqiu,
vula magolovesi a m'tauniwo,
muzu uwu sudziwika ndi maso okha.

Gwira. Khungu lake n'loderako, lamakwinya otsika,
mutu wonenepa, thupi lalifupi,
kenako miyendo isanu kapena kuposa
yopotana ngati zala za munthu wozizidwa.
Ukaupinda uvomere, usathyoke.
Wouma gwa ngati chikuni, taya:
umenewo unathamangira kuchita maluwa,
mafuta onse anathera kumwamba.

Dula apa.
M'kati muyere mwachikasu,
timadontho tamafuta titamwazikana,
ndi kamzere kozungulira ngati mphete.
Nunkhiza. Fungo limeneli
lakhala m'tsitsi langa zaka khumi ndi zinayi;
m'basi ya ku Lanzhou anthu amadziwa kwathu
ndisanatsegule pakamwa.

Luma pang'ono, usaope.
Kutsekemera kuyambe, kuyabwa kutsatire,
kuwawa kubwere pomaliza, mwamanyazi.
Lilime likachita dzanzi, lavula.
Ameneyo ndi duhuo, msuweni wake,
mankhwala a mawondo ndi msana,
amene akathyali a pamsika amasakaniza m'thumba
akaona nsapato zoyera ngati zakozo.

Koma uyu ndiye danggui.

Dokotala Pei wa kuseri kwa positi
amati mutu umaletsa, thupi limadzaza,
miyendo imayendetsa.
Akunena magazi.
Ine zimenezo ndinazimva nditadzipinda pabedi lake,
mwezi ndi mwezi m'mimba mukupotoka
ngati chovala chimene akuchifinya,
milomo ili mbee ngati pepala.
Nditachira mwana wanga Xiaohe
ndinkati ndikaima, khoma lizungulira.
Anandiphikira ndi nyama ya nkhosa ndi jinja
mumphika wadothi, moto wa pansipansi,
msuzi wake wonunkha munda wathu womwewu.
Tsiku lina m'mawa ndinapezeka ndili pabwalo
ndikukalipira nkhuku.
Ndinadziwa kuti ndabwerera.

Komano tchera khutu.
Ukakhala ndi pakati, usautole wekha.
Kumwezi kukamabwera ngati mtsinje wa Tao wasefukira, usiye.
Pita kwa a Pei akakugwire pamkono, akaone lilime,
ndipo kuchipatala chachikulu
uwauze chimene ukumwa, usabise.
Muzu si mayi ako, sudziwa chisoni.

Madzulo tiumanga m'timitolo,
tiusanjika pathandala pansi pa denga,
pansi tisonkha mapesi a nyemba onyowa.
Moto usayake, ufuke basi.
Maso adzakuwawa masabata angapo,
udzalira popanda maliro.

Wafunsa tanthauzo la dzinali?
Akuti: uyenera kubwerera.
Ena amati ndi magazi, abwerere m'njira yake.
Ena amati kale akazi ankautumiza
kwa amuna amene anaiwala njira ya kwawo.

Achimwene ako a Baoshan
chaka chachitatu chino ali ku Urumqi,
kumangira anthu nyumba zosanja.
Ndalama amatumiza, sindinama.
Mwezi watha ndinasankha mizu itatu,
yonenepa, yamafuta, imene wogula wa ku Guangzhou
akanaigwadira,
ndinaikulunga m'nyuzipepala, popanda kalata.
Patatha masiku asanu ndi limodzi foni inalira.
Phokoso la makina kumbuyo, iwo akukuwa:
Phukusi lafika, zikomo,
koma amenewa si mankhwala a azimayi?

Seka, mlamu. Inenso ndinaseka
mpaka ndinakhala pansi m'dothi.

Tandipatsa thumba ilo.
Usakoke ndi masamba, uduka miyendo;
lowetsa foloko patali, utukule pang'onopang'ono,
ugwedeze dothi, usatsuke.
Yatsala mizere isanu ndi inayi,
ndipo mthunzi wa phiri wafika kale pamsewu.