Kabuku ka Malita

Wogulitsa uja ku Saskatoon anati malita khumi
pa makilomita zana, osapitirira.
Elmer sanatsutse. Anagula kabuku ka dola imodzi,
namangirira pensulo ndi ulusi wa nsapato.

Tsamba loyamba ndi la Julayi,
msewu wowongoka pakati pa minda ya tirigu:
khumi ndi limodzi.
Anati, wanama pang'ono chabe.

Kenako Januwale.
Mu Januwale galimoto imamwa isanayende.
Imagona yolumikizidwa kukhoma ndi chingwe cha magetsi
ngati wodwala wa pa dilipi,
m'mawa n'kulira pabwalo mphindi khumi ndi zisanu
kuti magalasi asungunuke,
ine ndili m'nyumba kusaka magolovesi a Wendell.
Khumi ndi asanu ndi limodzi.
Elmer anadula mzere pansi pake mpaka pensulo inathyoka.

Mipando isanu ndi iwiri, inde, ndinaiwerenga ndekha.
Chimene sanatiuze n'chakuti ukadzutsa iwiri ya kumbuyo
buti imatsala yokwana zikwama ziwiri za buledi.
Ndiye sankha: ana kapena zikwama za hoki.
Ife tinasankha zonse.
Ndodo zinkadutsa pakati pa mipando mpaka pachigongono panga,
Tobias atakumbatira chikwama chonunkha thukuta la sabata yatha,
Annika mawondo ali pachibwano, akuwerenga ndi tochi,
mapasa akulimbirana zenera loti silitseguka n'komwe.

Mpando wachisanu ndi chiwiri unali wa Jomar,
mwana wa nyumba yoyang'anana nafe,
amene mayi ake ankagwira usiku kuchipatala.
Sankayankhula. Ankalowa chokwawa, n'kumanga lamba,
ndipo tikafika ankati zikomo kawiri.

Elmer anayesa zonse.
Anachotsa bokosi la padenga, anapopa matayala Loweruka lililonse,
anasiya kuthamanga, mathiraki n'kumatipitirira akuliza hutala.
Anatulutsa ngakhale matumba a mchenga amene timanyamula m'chisanu,
mpaka tsiku lomwe tinaterereka kulowa m'ngalande pafupi ndi Rosthern.
Anawabwezamo osanena kanthu.
Phindu la zonsezo linali theka la lita.
Ndinamuuza kuti theka la lita ndi kapu ya tiyi.
Anati, kapu ya tiyi pa makilomita zana alionse, Verna, werengera chaka.

Sindinawerengere.
Ndinkawerenga mitu pagalasi loonera kumbuyo:
m'modzi, awiri, atatu, anayi, ndi kachipewa ka Jomar.

Tobias tsopano ali ku Calgary.
Annika amakwera basi, akuti galimoto yathu ndi chidakwa.
Mapasa anagawana kagalimoto kadzimbiri komwa theka la izi.
Jomar amatumiza khadi pa Khirisimasi, zikomo wake akadali kawiri.
Zolemba za Elmer zimathera pakati pa tsamba, mwezi wa Okutobala.
Pansi pake payambira zanga, zopendekera kumanzere.

Mipando ya kumbuyo ndinaigoneka kalekale.
Buti ndi bwalo tsopano: ndanyamulamo njinga, mbande za tomato,
ndi tebulo lomwe ndinapereka kutchalitchi chifukwa linakula kwambiri.
Pansi pa kapeti ndinapeza dzino la mkaka,
sindikudziwa la ndani.

Dzulo ndinapita ku Regina ndekha, mphepo ili kumsana,
wailesi yozimitsa, mpando wa kumanja muli chikwama changa.
Pomwetsera mafuta ndinatenga pensulo,
ndinagawa malita ndi makilomita monga ankachitira,
ndinabwerezanso poopa kuti ndalakwitsa.

Malita khumi ndendende.

Wogulitsa uja sananame, Elmer.
Anangoiwala kunena kuti uyenera kukhala wekha.

Mnyamata wa pampopi anagogoda pagalasi,
akuti kumbuyo kwanga kuli mzere.
Ndinalemba nambalayo, sindinadule mzere pansi pake,
ndinaliza injini.