Buluzi wa ku Chemusa

Nsambo yachitatu inaduka Lachiwiri.
Ku Limbe wa m'sitolo anatchula mtengo,
ine ndinaseka, iye sanaseke.
Pobwerera ndinadzera ku Ndirande
kwa Likoswe wokonza njinga.
Anandidulira waya wa buleki, nati,
"Ukamakaimba uzikanditchulako."
Ndiye apa ndamutchula.

Lachinayi lililonse timaimba kwa Nachisale,
kuseri kwa chigayo,
komwe gaga amatera pa sipika ngati mnzathu wa bandi.
Tilipo atatu.
Ndaziona ali pa ng'oma,
chikopa chake ndi cha mbuzi ya pa sadaka ya amalume ake.
Kalitendere wa besi masana amasenza matumba ku Makata,
amabwera mapewa akadali oyera.
Ndiye ine, ndi gitala yomatidwa pakhosi.

Tikati timaimba buluzi
ana amayang'ana pakhoma.
Mwana wasukulu wina, magalasi ali pamphuno,
anati, "Achikulire, zimenezi si za kunja?"
Ndinamufunsa:
unayamba wadikirapo malipiro pa sate,
abwana n'kunena kuti mawa,
mawalo n'kufika atapita ku Lilongwe?
Unaimapo pa Wenela
kuperekeza munthu wa ku Joni
uku ukudziwa kuti chikwamacho n'chachikulu kuposa ulendo wa miyezi itatu?
Kanthu kamene kamakhala apa, pansi pa nthiti,
kosachoka ndi kutsokomola,
ukakakankha ndi chala pa waya, kamalira.
Kamenekako sikafuna pasipoti.

Nachisale amawerenga ndalama ndi malovu pachala.
Akuti tsidya la msewu anagula fulashi,
nyimbo zikwi ziwiri m'kanthu konga njere ya dzungu.
"Fulashi sipempha Fanta," akutero,
"sidwala malungo, siichedwa ndi minibasi.
Mwezi ukatha tidzakambirana."
Mawu amenewa wawanena miyezi isanu ndi inayi.

Sabata yatha, nthawi ili cha m'ma eyiti,
magetsi anazima.
Tsidya lija nyimbo inafera pakati pa liwu.
Ife tinangozula mawaya n'kupitiriza.
Ndaziona anasiya timitengo n'kumamenya ndi zikhatho,
Kalitendere besi yake itasowa mawu anayamba kung'ung'udza ndi pakhosi.
Kandulo m'botolo la Kuche.
Anthu anayamba kuwoloka msewu mmodzimmodzi
ataunikira ndi mafoni:
wakabaza chipewa chili m'manja,
mayi wogulitsa mazira owiritsa,
namwino wochokera ku Gulupu, nsapato zoyera.
Palibe anavina.
Bambo wina amene sindimudziwa
anakhala pa kireti, nkhope m'manja,
ndipo nditamaliza anati, "Bwerezani ija ya lendi."
Ndinabwereza.

M'mbale munalowa ndalama zokwana minibasi ya anthu awiri,
batani la malaya, ndi dzira limodzi.
Ine ndinayenda wapansi kukwera Chilomoni.
Dziralo tinampatsa Kalitendere.

Sindinena kuti tapambana.
Magetsi anayaka m'ma teni, anthu anawolokanso.
Malo amene tinkaimba kale ku Bangwe pano ndi tchalitchi,
a ku Zingwangwa amagulitsamo matailosi.
Koma uja Tiyese, mdzukulu wa Nachisale,
wotsuka matambula,
anandipeza ndikukulunga mawaya
nati, "Chala chimakhala pati?"
Ndinamuika zala zitatu pamalo pake.
Waya wa Likoswe unamucheka.
Anayamwa magazi, n'kubwezeretsa chalacho pomwepo.

Buluzi ukamuponda mchira amakusiyira,
iwe n'kumayang'ana kachidutswa kakuphiriphitha pansi,
mwiniwake ali kale mu mng'alu wa khoma.
Wina umamera, waufupi, wosafanana ndi woyamba.

Lachinayi tilipo.
Mukamva chigayo chasiya kulira, khotani kumanzere.
Mudzatenge kandulo.