Masasa wa Papepala

Loweruka, m'kalasi ya Sitandade 3,
akuluakulu tinapinda maondo pamadesiki a ana
mvula yamawawa ikunong'ona pamalata.
Mnyamata wa kukhonsolo anafunyulula mapu,
napsinja ngodya zake ndi miyala inayi.
Amvekere: Masasa ndi ameneyu.

Tinaweramira.
Masasa wake anali wosalala ngati malaya osita,
wopanda chitunda, wopanda matope,
wopanda nyumba ya NyaChavula
ija inatsetsereka ndi dothi usiku wa mu Epulo
mbale zili m'kati.

"Nanga ine ndili pati apa?" anafunsa mwiniwakeyo.
Mnyamata uja analoza pobiriwira.
Ati pamenepo mpopanda anthu.
Tinaseka mpaka kutsokomola,
ife anthu a popanda anthu.

Mapopa wa sakramento sanaseke.
Anatola khala m'mbaula ya alonda,
nakoka mzere wokhota kuchoka kuchigayo
kutsikira kudambo:
apa mpomwe timadutsa ndi odwala,
matabwa atatu, limodzi linawola chaka chatha.

Khala linayamba kuyenda m'manja.
Wina anajambula mpope wouma,
wina ngalande yomwe imasanzira m'khitchini mwake.
Mtsikana wa Fomu 2 anangodetsa malo amodzi, bii,
osanena kanthu,
ndipo amayi tonse tinaudziwa mdima wa pamenepo.

A Mlowoka anaima ndi kapepala kachikasu:
"Msonkhano ngati uno ndinakhalapo, tsitsi lili lakuda.
Tinapempha mlatho, anatipatsa Fanta."
Khansala anayang'ana nsapato zake.

Ndalama, anatero mnyamata, zikwana chinthu chimodzi.
Apa ndiye tinakangana ngati pamsika wa kaunjika,
akumtunda ati madzi, akumunsi ati ngalande,
ine ndinkafuna getsi pafupi ndi benchi yanga ya tomato.
Koma pokweza manja
dzanja langa linandipandukira,
linakwerera mlatho wa Mapopa,
poti mwana wanga wachiwiri ndinaberekera kutsidya kuno
madzi atakana kuti ndiwoloke.

Makumi anayi ndi mphambu zitatu.
Analemba. Tinamuuza awerenge mokweza,
kenaka alembenso pabolodi, tsiku ndi dzina lake,
ana athu adzaziwone Lolemba.

Anapinda mapu ali mbuu ndi zala zathu,
malaya ake oyera atada pachifuwa.

Kaya ku Civic akafufuta, kaya.
Ife tinasankha atatu okakumbutsa mwezi wamawa,
ndipo dzina langa lilipo,
ine amene ndinangobwera kudzausa mvula.