Makiyi ndi Chikoti

Wa m'buku langa ndinamutcha Nyausisya,
mwini nyumba zisanu ndi ziwiri ku Chibavi.
Sakweza mawu.
Amangoika makiyi patebulo, kuti ngwee,
ndipo mlendi wochedwa kulipira
amavula chipewa asanauzidwe.
Ndinamulemba miyezi itatu ya chisanu,
zala zitauma, nkhungu ikunyambita zenera,
ndipo tsamba lililonse ndinkamuopa pang'ono.

Winayu ndinamuona Loweruka usiku ku Katoto,
pa sewero lija amabweza ana pakhomo.
Lusekelo Mwafulirwa. Nsapato za gogoda,
chikoti m'dzanja, milomo ngati tsabola wakupsa.
"Gwada!"
Bambo wandevu zake anagwada,
holo yonse n'kusweka ndi malikhweru.
Mayi wina pambali panga anaseka mpaka misozi,
akugunda mwamuna wake ndi chigongono.

Ndinati mumtima: iyi ndi ng'oma,
kulira kwambiri, m'kati mulibe kanthu.
Wanga ndi dziwe lodikha, lomiza ng'ombe.

Anthu atabalalika ndinamupeza kuseri,
atakhala pa kireti ya zakumwa,
akumata pulasitala pa thuza la kuchidendene,
wogwada uja akumuunikira ndi foni.
Ndinamuuza za Nyausisya.
Anamvetsera, akutafuna mtedza wokazinga.

"Wanuyo," anatero, "amuna akewo munawafunsa?
Ife tinapangana Lachiwiri:
awa akakanda khutu, ndiye kuti bondo lawawa, ndileke.
Lero akanda kawiri. Simunaone.
Chikotichi ndi sanza zopota, tagwirani.
Inu mumagwaditsa anthu oti sangakane."

Ndinagwira. Chinalidi chofewa,
chikununkha sopo.

Panja kunali kamvula kaja ka ku Mzuzu
kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa.
Anavala juzi ya pakaunjika, gogoda m'jumbo,
naitana wanjinga wopita ku Zolozolo.
Mnyamata anatchula mtengo wausiku.
Iye anangomuyang'ana, duu,
mpaka mtengo unatsika wokha.
Diso limenelo ndinalidziwa.
Ndinkayesa ndinalipeka ndine.

Kunyumba magetsi anali atathima.
Ndinayatsa kandulo, n'kutsegula pomwe ndinalekezera.
Nyausisya anali chiimire, makiyi m'dzanja,
kudikira kuti ndimuuze chonena,
mkazi woopedwa ndi Chibavi yense
wosatha kukhosomola popanda cholembera changa.
Mlendi wake anali chigwadire pasimenti yozizira
kuyambira mwezi wa Juni.

Ndinafufuza mzere ndi mzere.
Ndinamupatsa ngongole, chipewa, ana atatu ku Ekwendeni.
Khutu loti akande
sindinamupatse.